Za Makalata Otuluka M'makina, ndi Kuwayesa ndi Khutu

Ena a inu mudzayesa kuti nkhani ya mwezi uno ndi ya anthu a m'tauni ndi a m'maofesi, yosakhudza mudzi. Nafenso tidaganiza chomwecho kufikira tsiku lija tidachita manyazi pakhonde pa mnzathu wina. Ndipo chifukwa cha manyaziwo tidayamba kufunsafunsa ndi kuwerenga, mpaka tidapeza zimene tifuna kukuuzani pano.

M'dera lathu lino muli mphunzitsi wina amene adachita khungu ndi chikuku akali mwana. Dzina lake sitilitchula. Adaphunzira kuwerenga ndi zala, napambana mayeso ake, ndipo lero aphunzitsa ana, alima munda, ali ndi banja. Ali ndi foni yolankhula: akakhudza pagalasi ndi chala, foniyo imuuza chimene wakhudza, ndipo uthenga ukafika imuwerengera mwaliwiro lotere kuti ife a maso sititolapo kanthu, tingomva ngati mpheta zatera m'mapira. Ndi foni imeneyo alandira malipiro ake, atumiza ndalama kwa abale, amva mitengo ya chimanga, osapempha munthu.

Chaka chatha adakongola ndalama za feteleza ku bungwe lina lobwereketsa. Pakutha pa mwezi bungwelo lidamtumizira pafoni kalata yonena zimene wabweza ndi zimene zatsala. Adaitsekula, nadikira. Foni idangoti zii. Adayesanso; idatchula dzina la kalatayo, nikhalanso chete. Mkazi wake adali kwao kukadwazika amayi ake. Tsono adaitana mwana wa mnansi, wa sitandade 7, kuti amuwerengere. Mwanayo adawerenga bwino ndithu, pakuti pa maso kalatayo idali yokongola, ya mizere yowongoka ndi chidindo chamitundu. Koma mwana ndi mwana. Sabata isanathe, ngongole ya mphunzitsiyo idali kukambidwa pamjigo.

Pamene adatisimbira izi tidapsa mtima, ndipo tidalinena bungwelo ndi mawu ambiri. Iye adatileka mpaka tidatha, nati mofatsa: "Abambo, musawanene kwambiri anthuwo. Nanga zidziwitso zija munditumizira inu mwezi ndi mwezi, za misonkhano ndi za ntchito ya pamsewu, muyesa ndimazimva? Ndi zithunzi zokhazokha. Ndidangoleka kukuuzani poopa kukuvutitsani." Tidasowa choyankha. Nthawi yonseyi tidali kulemba chidziwitso, kuchisindikiza, kuchijambula ndi foni ndi kuchitumiza kwa onse, tili okondwa kuti sitidasiye munthu.

Tiyambe ndi kufotokoza m'mene makina awerengera munthu wosaona, pakuti wosadziwa ichi sangamvetse zotsalazo. M'foni kapena m'kompyuta muikidwa pulogalamu imene ntchito yake ndi kusandutsa zolembedwa zikhale mawu omveka, kapena kuzitumiza ku kachipangizo kotukula timadontho ta braille pansi pa zala. Pa Chingerezi aitcha screen reader. Ife m'nkhani ino tiitcha mwerengi. Awerengi awiri otchuka a pa kompyuta adapangidwa ndi osaona eni ake, monga anenera akulu kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wina ndi JAWS, wa Ted Henter wa ku America, munthu amene adali wothamangitsa njinga zamoto pa mpikisano, nachita khungu pa ngozi ya galimoto mu 1978. JAWS wa pa Windows adatuluka mu 1995, ndipo ndi wogula. Wina ndi NVDA, amene Michael Curran wa ku Australia adamuyamba mu 2006, nathandizana ndi mnzake James Teh, onse awiri osaona. Ameneyu ndi waulere, aliyense akhoza kumtenga pa intaneti. M'mafoni mwerengi abwera ali kale m'kati: VoiceOver m'mafoni a iPhone kuyambira 2009, ndi TalkBack m'mafoni a Android, amene ambiri a ife tili nawo.

Tsono mvetsani bwino apa: mwerengi alibe maso. Sayang'ana tsamba monga tiliyang'anira ife. Amangofunsa kalata kuti, "Muli chiyani mwa iwe?" nanena zokhazo zimene kalatayo yamuyankha. Kalata ikakhala chithunzi cha pepala, monga zidali zidziwitso zathu, ilibe chilembo ndi chimodzi chomwe m'kati mwake, muli timadontho takuda ndi toyera basi, ndipo mwerengi akhala duu.

Mtundu wa kalata umene maofesi aukonda koposa ndi PDF, umene kampani ya Adobe idautulutsa mu 1993. Cholinga chake chidali chimodzi, kuti tsamba lioneke chimodzimodzi pa makina alionse ndi pa pepala. Chifukwa chake m'kati mwake mulembedwa malangizo onga awa: chilembo ichi chiikeni apa, mzere uwu muujambule apo. Simunenedwa kuti mawu awa ndiwo mutu, awa ndiwo ndime yoyamba, chiwerengero ichi n'cha danga lakuti. Maso athu alumikiza okha zonsezi osavutika, pakuti aona kuti zilembo zazikulu pamwamba ndi mutu, ndi kuti chiwerengero chili pansi pa mawu akuti "zotsala" ndicho chotsala. Mwerengi sangathe kutero. Mu 2001 adaonjezamo zizindikiro zobisika, zimene akatswiri azitcha tag, zouza mwerengi kuti ichi ndi mutu, ichi ndi ndime, ichi ndi tebulo la ziwerengero, ichi ndi chithunzi chosonyeza chakuti, ndiponso kuti choyamba kuwerengedwa ndi chiti, chotsatira ndi chiti. Mlendo poona nyumba atama udzu wa padenga ndi dothi lozira bwino. Koma chogwira nyumbayo ndi nsichi ndi phaso zosaoneka kunja. Mwerengi ayenda pa nsichi ndi phaso.

Kotero pali makalata a mitundu itatu: chithunzi chabe, mawu enieni opanda zizindikiro, ndi mawu enieni okhala ndi zizindikiro zake. Mutawaika pamodzi onse atatu, maso sangawasiyanitse ngakhale pang'ono. Apa ndipo pagona vuto lonse.

Ndipo vutolo lakula chifukwa makalata ambiri a masiku ano salembedwa ndi munthu. Kalata ya ngongole ija palibe kalaliki amene adakhala pansi ndi kuilemba. Sitetimenti ya ku banki, bilu ya madzi ndi ya magetsi, pepala la malipiro, risiti, zotsatira za kuchipatala, zonsezi makina azitulutsa okha, mazanamazana pa ola limodzi. Munthu apanga tsamba limodzi lokhala ndi mipata, ndipo makina atenga dzina lanu ndi ziwerengero zanu nazithira m'mipatamo, natenganso za mnzanu, momwemo mpaka onse atha. Inu oumba njerwa mudziwa chimene tikunena: ndi chikombole. Chikombole chikapindika, njerwa zonse za mu uvuni zituluka zopindika, ndipo palibe woumba wanzeru amene amawongola njerwa imodziimodzi, akonza chikombole. Chomwecho cholakwa chimodzi m'chikombole cha kalata chitsekera kunja osaona onse olandira kalatayo, mwezi ndi mwezi. Koma kukonza kumodzi kuwatsekulira onse pamodzi. Masiku ano kwabweranso mapulogalamu a AI amene alemba ndi kukonza makalata munthu akangowauza. Nawonso atulutsa tsamba lokoma m'maso, ndipo za zizindikiro zobisika palibe angalumbirire asanayese.

Wina adzati: "Koma kalata ikaoneka bwino, ndipo mwini ofesi waiona naikonda, kuyesanso n'kwa chiyani?" Maganizo amenewa ndi akale kuposa makina, ndipo kuti muone kumene afikitsa anthu tikutengereni pang'ono ku Paris, m'dziko la France. Kumeneko Valentin Haüy, munthu wa maso ndi wa mtima wabwino, adatsekula sukulu ya ana osaona mu 1785. Adawasindikizira mabuku a zilembo zathu zomwezi, A, B, C, koma zazikulu ndi zotukuka, kuti azipapasa ndi zala. Alendo odzaona sukulu adakondwera nazo kwambiri, pakuti iwo adatha kuziwerenga ndi maso. Koma kwa chala zidali zolemetsa: chala chiyenera kuzungulira chilembo chonse chisanachizindikire, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo mwana waiwala chiyambi. Mu 1819 padafika mnyamata wa zaka 10, Louis Braille, amene adadzilasa diso ndi chida cha bambo wake wosoka zikopa ali ndi zaka 3, diso linalo nilifanso pambuyo pake. Ameneyu, ataona njira ya timadontho 12 ya Charles Barbier, adaichepetsa kufika pa timadontho 6, tokwana pansi pa nsonga ya chala chimodzi; ndipo pofika 1824, ali ndi zaka 15, njira yake idali itaima. Anzake adaikonda msanga. Koma aphunzitsi ena a maso sadaifune, chifukwa pa maso timadonthoto sitidafanane ndi zilembo. Ndipo Pierre-Armand Dufau, amene adakhala mkulu wa sukuluyo mu 1840, adailetsa kwa kanthawi, ana namaigwiritsa ntchito mobisa. Idavomerezedwa mwalamulo mu 1854, Braille atamwalira kale mu 1852. Anthu aja sadali oipa mtima. Adangoweruza ndi maso chinthu chimene mwini wake adzachiwerenga ndi chala. Ifenso ndi zidziwitso zathu tidachita chomwecho.

Nanga kalata iyesedwa bwanji? Tanena kale kuti choyenera kukonzedwa ndi chikombole. Koma chikombole chidziwika ndi njerwa zake. Woyesa wanzeru sangotulutsa kalata imodzi yofewa. Atulutsa ya munthu wa dzina lalifupi ndi ya wa dzina lalitali lodutsa mpata. Ya munthu wa mizere iwiri ndi ya wa mizere yambiri yosefukira ku tsamba lachiwiri ndi lachitatu. Ya munthu amene mpata wina uli wopanda kanthu. Pakuti nthawi zambiri tsamba loyamba limveka bwino, ndipo chisokonezo chiyamba pamene tebulo ladumphira ku tsamba lina.

Choyamba apereka makalatawo kwa makina oyesera. Pali muyeso wa dziko lonse wotchedwa PDF/UA, kapena ISO 14289, wotuluka mu 2012, wonena zimene PDF iyenera kukhala nazo kuti mwerengi aimve. Bungwe la PDF Association lidautambasula muyesowo m'chikalata chotchedwa Matterhorn Protocol, m'mene muli mitu 31 ndi njira 136 zimene kalata ingalakwire. Pali mapulogalamu aulere oyang'ana zimenezi, monga PAC, amene adayambira ku Switzerland, ndi veraPDF. Ndipo mu Microsoft Word momwemo muli choyesera chake, chimene ambiri olemba makalata tsiku ndi tsiku sadachitsekulepo. M'kamphindi kochepa makinawa akuuzani ngati zizindikiro zilimo, ngati kalata ili ndi mutu wake, ngati pali chithunzi chopanda mawu ochifotokoza. Ndi ntchito yabwino, ndipo ofesi yotulutsa makalata zikwizikwi iyenera kuichita nthawi iliyonse ikasintha chikombole, osati kamodzi kokha pachiyambi.

Koma apa chenjerani. Mwa njira 136 zija, 47 zifuna kuweruza kwa munthu, ndipo eni chikalatacho anena okha chomwecho. Makina aona kuti chithunzi chili ndi mawu ochifotokoza, nakhutira. Sadziwa kuti mawuwo angoti "chithunzi", pamene chithunzicho ndi mapu osonyeza kumene chipatala chasamukira. Makina aona kuti mutu ulipo. Sadziwa kuti chimene chatchedwa mutu ndi nambala ya tsamba. Kalata ikhoza kupambana mayeso onse a makina nikhalabe yosamveka, monga mwana woloweza mayankho osadziwa tanthauzo lake. Taona anthu akunyadira chizindikiro chobiriwira cha makina ngati satifiketi, ndipo ife tiyesa kuti kunyada kumeneko n'koopsa kuposa kusayesa konse, chifukwa wosayesa adziwa kuti sadayese.

Chifukwa chake chachiwiri ndi kumvetsera. Chimenechi aliyense wa inu amene alemba makalata a sukulu, a komiti ya m'mudzi, a kalabu ya alimi, akhoza kuchichita lero lomwe. Yambani ndi kayeso kakang'ono: yesani kusankha liwu limodzi m'kalatamo ndi kulikopera pena. Likakana kusankhidwa, kalatayo ndi chithunzi, ndipo musavutikenso ndi zina. Bwererani mukatenge mawu enieni. Likalola, yatsani mwerengi, ikani mausi kutali, phimbani galasi ndi nsalu, ndipo mverani kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kuphimbako musakunyozere. Ife poyamba tidayesa kumvetsera galasi lili poyera, ndipo maso adali kuba, kukonza mwakachetechete zonse zimene khutu lidamva molakwika. Tikuchenjezeninso, inu oyesa pa foni, kuti TalkBack akayaka foni isintha khalidwe: kukhudza kamodzi ndi kufunsa chabe, kutsekula ndi kukhudza kawiri. Ife tidakhala theka la ola tikulimbana ndi foni yathu yomwe, osadziwa pomuzimitsira, mpaka mphunzitsi uja adatilanditsa akuseka.

Pomvetsera, samalani ndondomeko ya mawu. Tsamba la madanga awiri, monga la nyuzipepala, ndilo msampha waukulu: mwerengi wosauzidwa awerenga mzere woyamba wa kumanzere, nadumphira mzere woyamba wa kumanja, nabwereranso, ndipo nkhani ziwiri zisanganikirana ngati mpunga ndi mchenga. M'makalata ena mawu a pansi penipeni, adiresi ya ofesi ndi nambala ya tsamba, amveka pakati pa chiganizo. Samalaninso mitu. Munthu wa maso akalandira kalata ya masamba 20 aponya maso pa mitu nafika pamene afuna. Wosaona achita chomwecho ndi batani: mu NVDA ndi mu JAWS, kudina chilembo H kumdumphitsa kuchoka pa mutu wina kufika pa wina, ndipo T amfikitsa pa tebulo. Koma ngati wolemba adangokuza zilembo ndi kuzidetsa, osauza makina kuti uwu ndi mutu, batanilo lipeza palibe, ndipo mnzathuyo ayenera kumva masamba onse 20 kuti apeze mzere umodzi.

Pa tebulo la ziwerengero ndi pamene tifuna kuchedwapo, pakuti m'menemo ndimo mukhala ndalama za anthu. Tiyerekeze kalata ya ngongole yokhala ndi madanga atatu: zokongola, zobweza, zotsala. Chikombole chabwino chiuza mwerengi kuti mzere wa pamwamba ndi maina a madanga, ndipo munthu akasuntha kuchoka m'kabokosi kena kupita m'kena amva kuti: zokongola, K90,000, zobweza, K35,000, zotsala, K55,000. Chikombole choipa chimpatsa ziwerengero zokha: 90,000, 35,000, 55,000, ndi zina makumi atatu pambuyo pake, ngati munthu wokhuthula thumba la nyemba pamkeka. Choipa koposa ndi kabokosi kopanda kanthu. Mwezi umene munthu sadabweze, kabokosi ka zobweza kakhala kopanda kanthu. Ngati makina akadumpha osanena, chiwerengero cha zotsala chilowa pa malo a zobweza, ndipo munthu akondwa kuti wabweza K55,000 pamene ndiyo ngongole yake. Kalata yokhala chete imtuma munthu kukafuna thandizo. Kalata yotere imnamiza osadziwa. Ife tiopa yachiwiriyi.

Za fomu yodzaza pa makina tinene mwachidule. Dinani batani la Tab, muone ngati likuyendetsani m'mipata mwa ndondomeko yake, ndiponso ngati mpata uliwonse utchula dzina lake: dzina, mudzi, mfumu, tsiku lobadwa. Mpata wongoti "lembani apa" suthandiza munthu.

Pali chinthu china chokhudza ife a Chichewa makamaka. Kalata iliyonse ili ndi malo obisika onena chilankhulo chake, ndipo mwerengi ayang'ana pamenepo kuti adziwe katchulidwe koyenera. Chizindikiro cha Chichewa pa muyeso wa dziko lonse ndi ny. Koma makina ambiri afika kuno atatcheredwa pa Chingerezi, ndipo zonse zimene tilemba zituluka zitadindidwa kuti n'Chingerezi. Tsono liwu la Chingerezi liyesa kutchula mawu athu monga lidaphunzirira kwao. Tidamva ndi makutu athu: "dzina lake" lidamveka "leki", ngati nyanja ya pa Chingerezi, "make wa mwana" adasanduka "meki". Mnzathuyo adazolowera, amamasulira mumtima. Koma atiuza kuti kalata yaitali yotere imtopetsa kuposa kulima ndime yonse. Adationetsanso kuti liwu la Chiswahili, limene lipezeka mu NVDA, litchula Chichewa mofanirako, pakuti a, e, i, o, u awo ndi ofanana ndi athu. Kalata yosakaniza Chingerezi ndi Chichewa, monga zikhalira zambiri za m'maofesi, iyenera kusonyeza m'kati mwake pamene chilankhulo chasinthira, kuti woimva asankhe liwu loyenera.

Musayesenso kuti zonsezi ndi za osaona kotheratu okha. Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu 2019 kuti anthu osachepera 2.2 biliyoni pa dziko lonse ali ndi vuto lina la maso. Agogo a ng'ala, atate amene tsopano agwira pepala patali kuti aliwerenge, mayi wa matenda a shuga amene maso ayamba kuchita mdima, onsewa ali m'nyumba zathu. Iwowa safuna mwerengi ayi, afuna zilembo zokula popanda kuthawira kunja kwa galasi, ndi zilembo zakuda bwino pa pepala loyera. Malangizo otchedwa WCAG, amene mtundu wake wachiwiri udatuluka mu 2008, aika muyeso wakuti kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi pamene zakhala kusachepere 4.5 pa 1. Zilembo zotuwa zimene achinyamata opanga makalata azikonda zilephera muyeso umenewu kawirikawiri. Malangizo omwewo aletsa kunena chinthu ndi mtundu wokha. Ngati osalipira alembedwa ndi zofiira, olipira ndi zobiriwira, popanda liwu lonena chomwecho, mwerengi sanena kanthu za mtundu, ndipo ngakhale a maso alipo ena osasiyanitsa kufiira ndi kubiriwira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Maso a tonsefe akukalamba.

Chachitatu, chimene sichingalowedwe m'malo ndi china, ndi kupereka kalatayo kwa wosaona mwini wake, pa makina ake omwe. Ife a maso tikaphimba galasi tikhala alendo a ola limodzi. Timvetsera pang'onopang'ono kuyambira pamwamba, pamene mwini wake adumpha, afufuza, abwerera, ndipo apunthwa pa miyala imene ife sitidaipondepo. Ndiponso awerengi samva mofanana: kalata yomveka bwino ndi NVDA pa kompyuta ikhoza kusokonekera pa foni, pakuti mapulogalamu ena otsekulira PDF pa foni sasamala zizindikiro zobisika zija. Kwathu kuno, kumene ambiri ali ndi foni koma alibe kompyuta, kalata yosayesedwa pa foni siinayesedwe. Ndipo musamfunse kuti, "Kodi ikumveka?" pakuti mwaulemu adzati inde, monga adachitira mnzathu kwa ife nthawi yonse ija. Mfunseni kuti, "Tandiuzani, ngongole yatsala zingati? Msonkhano uli tsiku liti?" Akayankha molondola ndi mosachedwa, kalata yapambana. Anthu odziwa ntchito imeneyi alipo: bungwe la Malawi Union of the Blind lili ndi mamembala ake, ndipo ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kuphunzitsidwa aphunzitsi a ana osaona. Ofesi imene ipempha munthu wotere kuti aiyesere makalata iyenera kumlipira, pakuti ndi ntchito ya luso, yosasiyana ndi ya mmisiri woyesa ngati khoma lawongoka.

Ena atiuza kuti mafoni a masiku ano atha kuzindikira zilembo pa chithunzi ndi kuziwerenga, kotero vuto latha. Zoona atha, ndipo mnzathuyo adzithandiza nazo pa zikwangwani ndi pa mapaketi a mankhwala. Koma makinawo alosera. Nthawi zina aona 8 pamene pali 3, aona chilembo O pamene pali 0, ndipo wosaona alibe njira yodziwira kuti alakwa. Pa chikwangwani cha sitolo cholakwa chotere n'choseketsa. Pa muyeso wa mankhwala kapena pa ngongole sichiseketsa.

Musaganize kuti wosaona popempha kalata yomveka apempha chifundo. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, la mu 2006, limene dziko la Malawi lidalivomereza mu 2009, linena mu ndime 21 kuti uthenga wopita kwa anthu onse uperekedwe m'njira zimene olumala angathe kuzimva, pa nthawi yake ndi popanda mtengo woonjezera, ndipo lilimbikitsa kuti makampani nawonso achite chomwecho. Maiko a European Union adapita patsogolo: kuyambira pa 28 June 2025 lamulo lawo likakamiza mabanki, ogulitsa pa intaneti ndi osindikiza mabuku a m'makina kuti ntchito zawo zifikirike.

Kwa inu a m'mudzi, amene simupanga zikombole, chilipo chochita. Mukatumiza uthenga wa maliro, wa ukwati, wa msonkhano pa WhatsApp, lembani mawu enieni. Ngati mufuna kutumizanso chithunzi cha pepala, tumizani, koma mawu akhale pansi pake. Mwana amene mumtuma kuwerengera wosaona kalata, mlangizeni kuti zimene wawerenga ndi za mwini, zitsale pomwepo. Ndipo inu amene muli ndi ana ogwira ntchito m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, akabwera pa tchuthi afunseni ngati makalata otuluka mu ofesi yawo adawamverapo ndi khutu.

Chidziwitso chathu tidachikonza katatu. Koyamba tidatumiza mawu enieni, koma m'madanga awiri, ndipo tsiku la msonkhano lidalowa pakati pa maina a odwala. Kachiwiri tidachotsa madanga, tidaika mitu yeniyeni, mnzathuyo adadumpha pa mitu mokondwa, naima pa mzere wakuti "5/6", nafunsa: "Abambo, ndi pa 5 June, kapena pa 6 May, kapena ndi magawo asanu mwa asanu ndi limodzi?" Kachitatu tidalemba tsiku ndi mwezi ndi mawu, ndipo tisanamfunse adati, "Lachinayi, 9 koloko m'mawa, pansi pa mkuyu, ndidzabwera." Adabweradi, ndipo adali woyamba kufika.

Za bungwe lija, adapita yekha ku ofesi yawo, ife tidangomperekeza. Sadakangane ndi munthu. Adaika foni patebulo, natsekula kalata ya mwezi umenewo, nati kwa mayi wa pa desiki: "Mayi, tamverani kalata yanu." Onse atatu tidamvetsera, ndipo mudalibe kanthu. Mayiyo adati makalatawo sapangidwira pamenepo, achokera ku likulu. Adalemba dandaulo m'buku, nalonjeza kulitumiza. Pamene tikulemba pano kalata ya mwezi ndi mwezi ikubwerabe ili chithunzi. Koma tsiku lomwelo ikafika, mayi uja amtumizira uthenga waufupi wa pafoni, wolemba ndi zala zake, wa mizere itatu: zokongola, zobweza, zotsala.